Penshoni, gratuity ndi Mtukula Pakhomo: mafunso amene anthu a ku Mzuzu amandifunsa pakhonde

Ndinagwira ntchito yosunga mafayilo a ogwira ntchito kwa zaka zambiri, ndipo chipumireni khonde langa ku Chiputula lasanduka kaofesi. Amabwera aphunzitsi, alonda, amayi amasiye, mapepala atawakulunga m'jumbo kuopa kamvula kowaza ka kuno. Mafunso ake sasiyana kwenikweni, n'chifukwa chake ndawalemba pano. Sindine loya, ndipo pakhonde panga sipatuluka ndalama. Chimene ndimadziwa ndi njira imene pepala limayenda, ndi malo amene limakonda kukodwa.

Abwana akundidula ndalama ya penshoni mwezi uliwonse. Kodi n'zokakamiza?

Inde. Kuyambira mu 2011 lamulo la penshoni linalamula olemba ntchito kuti azisungira antchito awo penshoni, ndipo lamulo latsopano limene linayamba kugwira ntchito pa 1 April 2023 silinasinthe mfundo imeneyi. Inu mumasonkha 5 peresenti ya malipiro, abwana amaikapo 10 peresenti yochokera m'thumba mwawo. Ngati mumalandira K200,000, yanu ndi K10,000, ya abwana ndi K20,000, pamodzi K30,000 mwezi uliwonse, K360,000 pachaka, osawerengera phindu limene ndalamazo zimabereka.

Ndalamazi siziyenera kugona muofesi ya abwana. Zimapita ku makampani osunga penshoni, monga Old Mutual ndi NICO, ndipo woyang'anira onsewa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Lamulo lomweli limati abwana akudulireninso inshulansi ya moyo yosachepera malipiro anu a chaka chimodzi. Ambiri za inshulansiyi sazidziwa, ndipo mabanja awo amangozimva maliro atachitika kale, mwinanso osazimva n'komwe.

Pa payslip palembedwa kuti andidula. Ndiye kuti ndalama zafika eti?

Ayi ndithu. Payslip imangonena kuti ndalama yachoka kwa inu, siinena kumene yapita.

Chaka china kunabwera bambo wina wa ku Mchengautuwa, mlonda, atavala jekete la ntchito lomwe linali litayamba kuyera m'mapewa. Anagwira zaka zisanu ndi ziwiri pakampani ina, kulondera usiku m'chisanu cha mu June chija. Anatulutsa mapayslip omangidwa ndi mphira, onse, palibe losowa, ndipo lililonse likuonetsa kuti penshoni inadulidwa. Titafunsa ku kampani yosunga penshoni anatiuza kuti dzina lake lilipo, koma ndalama zinalowa miyezi isanu ndi inayi yokha yoyambirira. Anakhala chete, kenako anati, "Adada, nanga zinazo zinalowera kuti?" Zinalowa m'bizinesi ya abwana ake.

Lamulo limapatsa abwana masiku 14 mwezi ukatha kuti akhale atatumiza zonse, zanu ndi zawo zomwe. Vuto la mabwana odula osatumiza ndi lodziwika, Reserve Bank yakhala ikulidandaula poyera, mpaka kusindikiza mayina a ena m'nyuzipepala. Choncho dziwani dzina la kampani imene imasunga penshoni yanu ndi nambala yanu ya umembala, ndipo pemphani sitetimenti kamodzi pachaka. Ndi ufulu wanu, simufunika chilolezo cha abwana. Muike sitetimentiyo pambali pa mapayslip, muwerenge mwezi ndi mwezi. Mukapeza mipata, lembani kalata kwa abwana, musunge kope lake. Akapanda kukonza, kadandauleni kwa Registrar; Reserve Bank ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu. Kulinso ku leba, ndiponso bwalo la milandu ya za ntchito la Industrial Relations Court lili mumzinda momwe muno.

Ndikudziwa chimene chimagwira anthu miyendo: "Ndikafunsa andichotsa ntchito." Mantha amenewo sindiwaseka. Koma kufunsa sitetimenti ku kampani yosunga penshoni abwana sakumva, ndipo ngongole ya miyezi itatu imalondoleka kusiyana ndi ya zaka zisanu ndi ziwiri kampani itatseka kale zitseko.

Ntchito yandithera ndisanafike zaka zopuma. Ndingatenge ndalama zanga?

Mungatengeko, koma osati tsiku lomwelo, ndiponso osati zonse. Kale munthu ankadikira miyezi isanu ndi umodzi ali pa ulova. Lamulo la 2023 linatsitsa nthawiyi kufika miyezi itatu. Mudzafunika kalata yokuchotsani kapena yosiyira ntchito, chiphaso cha unzika, akaunti ya ku banki ya dzina lanu, ndi umboni woti simunapeze ntchito ina. Chimene chimatuluka nthawi imeneyi ndi mbali yanu. Mbali ya abwana imasungidwa kudikira kuti mudzapume.

Mukapeza ntchito ina msanga, ndalama zakale sizitayika. Zikhoza kusamutsidwira kumene abwana atsopano akusungitsa. Ndimaona anthu amene anagwira ntchito malo anayi, ali ndi tindalama m'makampani atatu osiyana, ndipo kwina anaiwala n'komwe. Lembani penapake.

Penshoni, severance ndi gratuity si chinthu chimodzi?

Ayi, ngakhale tonse timangoti "ndalama zanga zopumira". Penshoni ndi ija mwakhala mukusonkherana ndi abwana. Severance amalipira abwana okha, ntchito ikatha chifukwa cha kuchepetsa antchito, kugwa kwa kampani kapena kuchotsedwa mopanda chilungamo. Mawerengedwe ake ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, masabata anayi kupitirira apo. Wosiya yekha ntchito, kapena wochotsedwa chifukwa cholakwa, severance sayembekezera. Gratuity m'makampani ndi ya amene sali pa penshoni. M'boma mawuwa amatanthauza ndalama ya nkhaninkhani imene munthu amalandira kamodzi popuma. Abwana wina akakuuzani kuti "severance yanu ili m'penshoni momwemo" pamene wakuchotsani pochepetsa antchito, pitani ku leba akakuwerengereni.

Ndikapuma adzandipatsa zonse pakamodzi?

Theka. Pansi pa lamulo la 2011 inali 40 peresenti, pano ndi 50 peresenti. Zotsalazo zimabwera mwezi ndi mwezi, kaya pogula annuity ku kampani ya inshulansi, imene imakulipirani mpaka imfa, kaya mwa programmed withdrawal, kumene mumatapa pang'onopang'ono m'thumba lanu lomwelo. Ngati ndalama zonse zili zochepa kwambiri, pali malire amene Registrar anaika, ndipo pansi pa malirewo amakupatsani zonse. Zaka zochepetsetsa zopumira ndi 50. Munthu akhozanso kupuma atagwira zaka 20 zotsatizana kwa bwana mmodzi, kapena dokotala atatsimikiza kuti thupi silingathenso ntchito. Lamulo latsopano linatsegulanso khomo loti amene kwatsala zaka zisanu kuti apume athe kutapako gawo lina akadali pantchito.

Apa anthu amakwiya nane ngati ndine ndinalemba lamulo. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, tipatseni zonse timange nyumba. Sindiwatsutsa kotheratu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene ankalandira kandalama kokhazikika mwezi ndi mwezi anaona thumba la chimanga likumuthawa m'manja. Komabe ndaonanso mbali inayo. Mnzanga wina anagula minibasi ndi ndalama yake yonse ya pakamodzi, yoyenda Mzuzu ndi Nkhata Bay. Chaka chisanathe injini inagogoda, ndipo mpaka lero ili pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando wa kondakitala. Chimene chikumudyetsa ndi kandalama ka pamwezi komwe ankakanyoza kaja.

Ndine wa m'boma. Fayilo yanga imayenda bwanji?

Choyamba dziwani gulu lanu. Mu July 2017 boma linagawa antchito ake pawiri: amene anali ndi zaka 35 kutsika m'munsi, pamodzi ndi olembedwa pambuyo pake, analowa m'ndondomeko yosonkha imene ili pansi pa Public Service Pension Trust Fund. Akuluakulu anatsala m'ndondomeko yakale, momwe boma limalipira gratuity ndi penshoni ya pamwezi kuchokera m'bajeti, potengera malipiro a kumapeto ndi kutalika kwa nthawi imene munthu watumikira. Zaka zopumira m'boma ndi 60.

Kwa a ndondomeko yakale, fayilo imayambira kumene mukugwira, mwachitsanzo kuofesi ya maphunziro ngati muli mphunzitsi. Kuchoka apo imapita kulikulu la unduna wanu ku Capital Hill, n'kudutsa ku dipatimenti yoona za antchito a boma, kwa Auditor General kuti akatsimikize mawerengedwe, kenako kwa Accountant General amene amalipira. Desiki iliyonse imafuna kuona mbiri yanu yonse papepala: kalata yolembedwera ntchito, ija ambiri amaitcha PSR 19, kalata yokutsimikizani pantchito, makalata a kukwezedwa, ndi kalata yovomereza kupuma kwanu. Limodzi likasowa, fayilo imabwerera kumene yachokera, ndipo kawirikawiri palibe amene amakuimbirani.

Amalume anga anaphunzitsa zaka zoposa makumi atatu m'masukulu a ku Mzimba. Polembedwa ntchito ali mnyamata analemba chaka chobadwa china, ndipo pa kalembera wa chiphaso cha unzika mu 2017 anatchula china, kusiyana zaka ziwiri. Dzina nalonso, pa kalata yakale linali ndi "h", pa chiphaso lilibe. Zinthu ziwiri zokhazi zinawayendetsa maulendo anayi a ku Lilongwe, basi ya usiku, kugona kwa mphwawo ku Area 25, m'mawa kukakhala pabenchi. Ulendo wachitatu anabwerako ali wotuwa, n'kundiuza kuti, "Mphwanga, chilembo chimodzi cha h chandidyera mbuzi ziwiri." Akanaziona kudakali zaka zitatu, zikanatha ndi kalata yolumbira ndi ulendo umodzi.

Ndiye ngati mwafika zaka 55, pemphani kuona fayilo yanu tsopano lino. Yerekezani dzina ndi tsiku lobadwa pa fayilo, pa payslip, pa chiphaso ndi ku banki. Kalata iliyonse muijambulitse kawiri.

Papita chaka gratuity osatuluka. Wina akuti ndimupatse kangachepe aikankhe. Nditero?

Musatero. Kuchedwa kwa gratuity ya opuma m'boma ndi nkhani yakale, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi ndalama zochepa zimene zatulutsidwa mwezi umenewo poyerekeza ndi mzere wa anthu odikira. Wokuuzani kuti aikankha mwina akungodziwa kuti dzina lanu layandikira kale, akufuna adyepo. Kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo ofesi ya Anti-Corruption Bureau ilipo ku Mzuzu.

Chothandiza ndi kudziwa desiki imene fayilo ili, ndi tsiku limene inafikapo. Funsani zimenezo, mulembe m'kabuku, ndi udindo wa amene wakuyankhani. Mukaona kuti mukungozunguzidwa, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere kwaulere, ndipo nayonso ili mumzinda muno. Bungwe la opuma m'boma la PUSEPA limathandizanso kulondola. Chimene ndimachonderera aliyense n'chakuti asakatenge katapila ponena kuti "ndibweza gratuity ikatuluka". Ndaona gratuity ikutuluka Lachiwiri, pofika Lachisanu yonse ili m'manja mwa wakatapila.

Penshoni ya pamwezi yangosiya kulowa. Chachitika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa ziwiri: munaphonya kalembera wotsimikiza kuti opuma ali moyo, kapena akaunti ya ku banki yatsekeka kapena yasintha. Kalemberayu amachitika pofuna kuchotsa mayina a anthu amene anamwalira kale koma ena akuwalandirira. Amalengeza pawailesi ndi m'nyuzipepala, ndipo amafuna munthuyo aonekere ndi chiphaso chake. Ngati bambo anu ali kumudzi ku Euthini kapena ku Usisya ndipo wailesi samvera, udindo womvera ndi wanu.

Mwamuna wanga wamwalira ali pantchito. Achibale ake akuti ndalama ndi zawo. Zili choncho?

Pepani mayi. Funso ili ndi limene limabwera ndi misozi, ndipo yankho lake limadalira pepala limodzi limene malemuwo analemba kapena sanalembe.

Aliyense wa pa penshoni amapatsidwa fomu yolembapo anthu odzalandira iye akamwalira, ndi gawo la aliyense. Osunga penshoni amatsata fomuyo. Ndalama zimenezi sizisakanizidwa ndi katundu wina wa masiye, ndiye sizigawidwa pabwalo la msonkhano wa banja. Vuto ndi lakuti ambiri analemba fomuyi tsiku loyamba ntchito, ali mbeta kapena mphongo yosakwatira, n'kulembapo mayi awo ndi mlongo wawo, osaikhudzanso zaka makumi awiri. Ukwati watsopano kapena kutha kwa ukwati kumafafaniza zimene munalemba kale, ndipo pamene palibe fomu yogwira ntchito, osunga penshoni amafufuza okha amene ankadalira malemuwo. Kufufuzako kumatenga nthawi, ndipo ndi pamene pamatulukira ana amene mayi wa kunyumba sankawadziwa, ndi achimwene amene sanabwerepo kuchipatala.

Za katundu wina, nyumba, galimoto, ndalama za ku banki, kuli lamulo la chuma cha masiye la 2011. Pamene palibe wilo, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, kenako ena amene ankadaliradi malemuwo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kuno kumpoto mudzamva mawu akuti "tinalowola, ndiye ana ndi katundu ndi za kuchimuna". Malowolo ndi mwambo wathu ndipo ndimaulemekeza, koma sapatsa mlamu mphamvu yotenga khadi la ku banki kapena kutulutsa mayi wamasiye m'nyumba. Ndalama za imfa za wa m'boma zimadzera kwa Administrator General kapena kwa DC, ndipo gawo la ana aang'ono limasungidwa kuti lizitapidwa pa zosowa zawo monga fizi.

Musapereke kwa wina aliyense chiphaso cha malemu, kalata ya imfa, mtchatho wa ukwati ndi makalata obadwira a ana. Kalata ya imfa yovomerezeka imachokera ku National Registration Bureau, mutayambira ndi lipoti la kuchipatala kapena kalata ya mfumu ngati anamwalirira kunyumba. Akakuopsezani, pitani ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku Legal Aid Bureau.

Abambo amene mukuwerenga muli moyo, fomu ija mukaikonze sabata ino.

Kodi Mtukula Pakhomo amalandira ndani? Ife a ku Masasa bwanji satilemba?

Mtukula Pakhomo si penshoni, ndipo munthu sasonkha kalikonse. Inayamba moyeserera ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Imayendetsedwa ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu kudzera m'makhonsolo, ndi thandizo la World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Cholinga chake ndi mabanja pafupifupi khumi pa zana lililonse, amene ali osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera adzukulu, banja loyendetsedwa ndi mwana, munthu wodwala nthawi yaitali kapena waulumali amene akusamala ena. Zinthu ziwirizi ziyenera kupezeka pamodzi. Banja losauka koma lokhala ndi anyamata awiri otha ganyu kawirikawiri silidutsa. Ndalama imasiyana potengera kukula kwa banja, ndipo pamakhala kowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu.

Ndondomekoyi inamangidwa poyang'ana midzi ya m'maboma, n'chifukwa chake msuweni wanu wa kufupi ndi Ekwendeni, pansi pa khonsolo ya M'mbelwa, akhoza kumalandira pamene inu a mumzinda simunaonepo wolemba mayina. M'mizinda thandizo lotere lakhala likubwera pakagwa vuto. Mukukumbukira nthawi ya Covid-19, mu 2021, pamene mabanja ena a ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Zomba analandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Chinali cha nthawi yochepa, chinatha. Kunena zoona, umphawi wa ku Masasa kapena ku Salisbury Lines, kumene munthu amalipira lendi, kugula madzi ndi makala, ndiponso alibe munda, suchepa poyerekeza ndi wa kumudzi. Pamenepa ine ndimaona kuti ndondomekoyi ili ndi chibowo.

Agogo anga ali ndi zaka 78. Ukalamba wokha sukwanira kuti azilandira?

Sukwanira. Dziko lino lilibe penshoni ya boma ya wokalamba aliyense. Mabungwe oimira okalamba monga MANEPO akhala akuimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Agogo amalowa mu Mtukula Pakhomo ngati banja lawo ladutsa m'sefa ndatchula ija. Mayina amachokera m'kaundula wa UBR, momwe mabanja amalembedwa ndi kusanjidwa potengera umphawi wawo, kenako amawerengedwa pamsonkhano wa m'mudzi. Mfumu payokha ilibe mphamvu yoika kapena kuchotsa dzina. Ngati mukuona kuti agogo anadumphidwa, kadandauleni ku komiti ya m'dera yoona za madandaulo kapena kuofesi ya social welfare ya boma lanu. Mabanja osauka amene ali ndi mphamvu zogwira ntchito njira yawo ndi ina, ija ya Mbwezera Chilengedwe, yolandira malipiro atadzala mitengo ndi kukonza migula.

Ndalandira uthenga pafoni woti ndasankhidwa mu Mtukula Pakhomo, nditumize K5,000 ya fomu.

Ndi mbava. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo wa boma sangakufunseni nambala yachinsinsi ya foni yanu. Chimodzimodzi amene akuimba kuti penshoni ya malemu bambo anu yatuluka, mutumize ya "processing". Dulani foni.

Ndimapalasa kabaza, mkazi wanga amagulitsa kaunjika. Ife penshoni itikhudza?

Palibe amene angakukakamizeni, chifukwa mulibe abwana. Koma lamulo la 2023 limalola munthu kudzisungira penshoni mwa kufuna kwake, ndipo makampani osunga penshoni ali ndi ndondomeko za anthu odzilemba okha ntchito. Musanalowe funsani zinthu zitatu: ndalama yochepetsetsa yosonkha, zimene amadula pa ntchito yawo yosunga, ndi nthawi imene mungatapeko. Banki mkhonde ndi yabwino, ifenso kwathu tili m'gulu, koma imagawidwa mu December ndipo pofika February yatha ndi feteleza ndi fizi. Penshoni ubwino wake ndi womwe uja umatikwiyitsa, woti siitapika msanga.

Ndikafuna thandizo, kaya kuofesi kaya kwa munthu ngati inu, ndinyamule chiyani?

Chiphaso cha unzika ndi makope ake awiri, kalata yolembedwera ntchito, payslip yomaliza ndi ina yakale imene mungaipeze, kalata yosiyira ntchito kapena yopumira, sitetimenti ya penshoni ngati ilipo, ndi pepala la ku banki loonetsa dzina ndi nambala ya akaunti. Ngati nkhani ndi ya imfa, onjezani kalata ya imfa, mtchatho wa ukwati kapena kalata ya mfumu yotsimikiza ukwatiwo, ndi makalata a ana. Makalata enieni musawasiye pa desiki ya munthu. Siyani makope, ndipo kope lanu alidinde chidindo chosonyeza tsiku limene alandira. Kwa ine musabwere ndi ndalama. Bwerani m'mawa isanakwane 10 koloko, masana ndimakhala kudimba ku Lunyangwa.